Giza ikutha mayunitsi: tigule ya sola, ya gasi kapena heat pump?

"Ndine mayi wa ana anayi, timakhala ku Chelstone m'nyumba yathuyathu. Tili ndi giza ya malita 150 m'siling'i, imene tinaipeza pogula nyumbayi. Mayunitsi amene kale ankatifikitsa kumapeto kwa mwezi masiku ano akutha cha pa 20, ndipo tikakaonjezera, ndalama yomweyo ikutipatsa ochepa. Bambo a kunyumba akuti tigule giza ya sola. Koma alamu anga a ku Chalala anaika sola chaka chatha ndipo akungodandaula: mu Julayi madzi amangofunda, machubu awiri anasweka, komanso ndalama ya magetsi sinatsike monga anawalonjezera ogulitsa. Aneba akuti gasi ndiye yabwino, wina kuntchito akuti heat pump. Kandalama tasunga, koma sindikufuna kukataya. Ndithandizeni." Mayi wa ku Chelstone.

Mayi, mtima m'malo. Mwachita bwino kufunsa ndalama ikadali m'manja, chifukwa ambiri amandipeza zinthu zili kale padenga. Zimene zinachitikira alamu anu ndimakumana nazo kawirikawiri, ndipo chilichonse mwa zitatuzo chili ndi chifukwa chake chodziwika. Sizitanthauza kuti sola sigwira ntchito mu Lusaka. Dzuwa tili nalo lokwanira. Zikutanthauza kuti anagula asanadziwe kuchuluka kwa madzi otentha amene banja lawo limatha, ndipo amene anawaikira sanaganizire za madzi athu a kuno. Tiyambe ndi giza imene muli nayoyo, chifukwa yankho lalikulu lili momwemo.

Pali chiwerengero chimodzi chimene ndikufuna muchisunge m'mutu. Yuniti imodzi ya magetsi imatenthetsa madzi okwana pafupifupi malita 21 kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60. Ndiye kuti ndowa imodzi ya malita 20 ya madzi otentha kwambiri ndi yuniti imodzi. Giza yanu ikazizira yonse, kuti malita 150 afike pa 60 imadya mayunitsi 7, ndipo elementi ya 3 kW, chitsulo chotenthetsa madzi mkati mwa giza, imafuna maola awiri ndi mphindi 20 kuti ichite zimenezo. Lamuloli silisintha, kaya giza ndi yatsopano kaya ndi yakale, kaya yaku South Africa kaya yaku China. Wogulitsa akakuuzani kuti giza yake ya elementi imatenthetsa madzi ndi magetsi ochepa kuposa pamenepa, dziwani kuti akungokometsa malonda.

Tsono tiwerenge za kunyumba kwanu. Shawa wamba imatulutsa malita 12 kapena kuposa pa mphindi. Munthu akasamba mphindi zisanu watha malita 60 a madzi ofunda bwino a madigiri 40, ndiye kuti yuniti imodzi ndi theka latsala pang'ono kukwana. Muli anthu asanu ndi mmodzi, choncho kusamba kokha ndi mayunitsi 8 kapena 9 patsiku. Pamwamba pake giza imataya kutentha ikangokhala, ngakhale osatsegula mpopi. Ya malita 150 imataya pafupifupi mayunitsi 2 patsiku, ndipo yakale imataya oposa. Mukaphatikiza muli pa 10 kapena 11 patsiku, mayunitsi oposa 300 pamwezi, ndipo sindinawerengere mbale zotsukira madzi otentha kapena mwana wa sekondale amene akalowa m'bafa amayamba kuimba. Munthu wosambira m'ndowa ya malita 20 amatha theka la yuniti basi. N'chifukwa chake mabanja awiri okhala ndi giza yofanana amatha kusiyana katatu pa ndalama ya magetsi.

Nanga bwanji mayunitsi ogula kachiwiri amachepa? ZESCO imagulitsa magetsi a m'nyumba m'magawo, pa mitengo yovomerezedwa ndi ERB, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Mayunitsi oyambirira pamwezi ndi otchipa, otsatira amakwera, ndipo mukapitirira malire ena amakweranso. Magawowa amawerengedwa pa zonse zimene mwagula mwezi umenewo, ndiye kugula pang'onopang'ono sikuthandiza. Mababu, TV ndi firiji zikanakhala zokha zikanakusungani m'magawo otchipa. Giza ndi chitofu ndi zimene zimakukankhirani pamwamba. Choncho yuniti iliyonse imene mungachotse pa giza ndi yuniti ya mtengo wokwera kwambiri pa lisiti yanu. Apa nkhani ili kumbali yanu.

Musangokhulupirira masamu anga, yesani nokha. Mawa m'mawa lembani mayunitsi otsala pa mita, khalani monga mwa masiku onse, ndipo mkucha nthawi yomweyo lembaninso. Kenaka zimitsani giza pa DB, bokosi la maswitchi a magetsi a m'nyumba, kwa tsiku lathunthu, anthu asambire madzi otsala kapena a pambaula, mulembenso. Kusiyana kwa masiku awiriwo ndiko kudya kwa giza yanu. Sankhani masiku amene magetsi ayaka maola ofanana, apo ayi load shedding ikusokonezerani. Mukabwereza kawiri ndiye bwino kwambiri. Chiwerengero chimenecho ndicho mudzapite nacho kwa aliyense wogulitsa.

Musanagule chilichonse chachikulu, pali zinthu zing'onozing'ono zimene ndimauza aliyense kuti ayambe wachita, ndipo zimathandizabe ngakhale sola itabwera. Choyamba ndi mutu wa shawa. Tengani ndowa ya malita 10, itsekulireni shawa, muone nthawi. Ikadzaza isanathe mphindi imodzi, shawa yanu ndi yowononga. Mutu wotulutsa malita 7 pa mphindi ungatsitse mayunitsi a kusamba kuchoka pa 8 kufika pa 5 patsiku, pafupifupi 100 pamwezi. Kenaka thermostat, kachipangizo kozimitsa elementi madzi akafika pa kutentha kumene kanaikidwa. Magiza ambiri ndimawapeza ali pa 70, pena kuposa, chifukwa wina anaganiza kuti madzi akatentha kwambiri ndiye akwanira onse. Itsitseni ifike pa 60. Koma musapitirire kutsika n'cholinga chosunga ndalama. Tizilombo totchedwa Legionella, toyambitsa chibayo choopsa, timaswana m'madzi ofunda a pakati pa madigiri 20 ndi 45, ndipo munthu amatipumira mu nthunzi ya shawa. Pa 60 timafa. Thermostat ili pansi pa kachivundikiro komwe kuli mawaya a moto, ndiye ntchitoyi apatseni amagetsi, kapena bambo ngati akudziwa kuzimitsa pa DB ndi kutsimikiza kuti motowo wachokadi.

Ifunditseni giza bulangete lake logulitsidwa m'mahadiweya, mukutenso paipi ya madzi otentha mamita awiri kapena atatu oyambirira. Ndipo tulukani kunja muyang'ane kapaipi kotuluka m'khoma kapena pansi pa denga, kochokera ku giza. Kudontha pang'ono giza ikamatentha n'kwabwinobwino, madzi akatentha amafufuma. Koma ngati pakhoma pamera ndere zobiriwira ndipo pansi sipauma, valavu yafa, ndipo ngati madziwo ndi otentha mukutenthetsa madzi othirira maluwa. Ikani ndowa usiku wonse. Ikadzaza ndi madzi ofunda mwadziwa kale kuti ndi ndalama zingati.

Za timer, kawotchi koyatsa ndi kuzimitsa giza pa nthawi yoikika, anthu amakangana kwambiri, ena akuti kuzimitsa giza kumasunga magetsi, ena akuti kuiyatsanso kumadya kuposa. Achiwiriwa akulakwitsa, kuyatsanso sikudya zoposa zimene ikanadya ikanakhala yoyaka. Koma oyambawo nawonso amakokomeza. Timer imangochepetsa gawo la mayunitsi awiri otayika aja, siichepetsa a kusamba. Phindu lake lenileni m'nyumba za ana ambiri ndi loti madzi akatha atha, ndipo anthu amaphunzira kufulumira. Mukagula, gulani ya manambala yokhala ndi kabatire mkati. Ija yozungulira ngati wotchi imaima magetsi akazima, ndipo pakatha masiku atatu a load shedding imayatsa giza masana n'kuzimitsa m'mawa.

Tsopano sola. Kwa banja ngati lanu, m'nyumba yanuyanu, ine ndikugwirizana ndi bambo. Koma tione kaye zimene zinawagwera alamu anu, chimodzichimodzi.

Madzi ongofunda mu Julayi. Lusaka ili pa madigiri 15 kummwera kwa equator, ndiye mu Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo ngakhale masana enieni limakwera madigiri 51 okha kuchoka pansi. Sola iyenera kuyang'ana kumpoto, itapendekeka madigiri 25 mpaka 30, kuti igwire bwino dzuwa la nyengo yozizira. Mu Okutobala musade nazo nkhawa, imatentha ngakhale itaikidwa molakwika. Oika ambiri amangotsata mmene denga lapendekera, chifukwa kupanga chitsulo choimikira n'kuchedwa. Ndaonapo zambiri zoyang'ana kummwera, zina zili mumthunzi wa mtengo wa mango kuyambira 2 koloko, zina zabisala kuseri kwa thanki ya madzi. Chinanso, mu Julayi madzi olowa amakhala ozizira. Akatsika kuchoka pa 20 kufika pa 15, ntchito yowafikitsa pa 40 yakula ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo anthu amasamba nthawi yaitali. Ndiye sola imayezedwa ndi Julayi, osati ndi Okutobala. Mwa chizolowezi timawerengera malita 50 pa munthu, ndi chubu chimodzi pa malita 10. Kwa inu ndi malita 300 ndi machubu 30. Wogulitsa akaona kuti mtengo wakuopsani amakulozerani ya malita 150, kuti nayonso ikukwanirani popeza giza yanu ndi ya 150. Iyayi. Ya magetsi imatenthetsa kawiri kapena katatu patsiku, ya sola imatenthetsa kamodzi.

Palinso nkhani ya nthawi yosambira. Sola imafika pachimake cha m'ma 3 kapena 4 koloko madzulo. Mukasamba nonse madzulo, madzi ozizira amalowa kudzadzaza thanki, ndipo m'mawa simupeza kanthu. Mukasamba nonse m'mawa, madzi agona usiku wonse padenga pa mphepo ya Julayi. Mabanja amene sola imawakomera ndi amene agawana: ana asambe madzulo akachoka kusukulu, akuluakulu opita kuntchito atsalire a m'mawa.

Ndalama ya magetsi yosatsika. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse kwambiri, chifukwa ndi pamene ndalama za anthu zimathera. Pafupifupi giza iliyonse ya sola imakhala ndi elementi yothandizira masiku a mitambo. Woika akailumikiza mwachindunji ku DB, popanda timer, chimachitika ndi ichi: banja lasamba madzulo, madzi ozizira alowa, thermostat yamva kuzizira, elementi yayaka usiku n'kutenthetsa thanki yonse. M'mawa dzuwa likutuluka likupeza madzi ali kale pa 60, lilibe chochita. Anthu asambanso m'mawa, elementi yayakanso 7 koloko, dzuwa lisanapse. Nyumba yotereyi ili ndi giza ya magetsi yokhala padenga, ndipo popeza thanki ndi yaikulu komanso ili pamphepo, nthawi zina imadya kuposa yakale ija. Ndikukhulupirira kuti kwa alamu anu n'zimene zikuchitika. Awuzeni azimitse elementiyo pa DB kwa mlungu umodzi aone mita. Kukonza kwake n'kosavuta: elementi ikhale ndi switch yake pamalo ofikirika, kapena timer yoilola kuyaka ola limodzi cha m'ma 4 koloko madzulo, dzuwa litamaliza gawo lake, ndi ola lina m'bandakucha m'miyezi yozizira yokha. Mu Januwale ndi Febuluwale, mitambo ikagwirana masiku atatu, muiyatsa ndi dzanja. Miyezi yotentha isayake n'komwe.

Machubu osweka. Magiza a sola otchipa amene adzaza m'mashopu a ku Kamwala ndi m'tauni ndi a low pressure, amene madzi ake amangotsika okha kuchoka padenga, osakankhidwa ndi mphamvu ya mumpopi. Madzi amalowa m'machubu agalasi momwemo. Chubu chilichonse chili ndi magalasi awiri opanda mpweya pakati, ngati fulasiki ya tiyi, ndiye chikakhala chopanda madzi padzuwa mkati mwake mumatentha kupitirira madigiri 200. Tsono taganizani za kuno kwathu: madzi apita m'mawa, anthu atha onse a m'thanki, machubu auma, ndiye 1 koloko masana madzi abwera ozizira n'kulowa m'galasi lotentha chonchija. Limathetheka nthawi yomweyo, ndipo chubu chimodzi chikasweka thanki yonse imakhuthukira padenga. M'madera amene madzi amabwera mwa apo ndi apo, kapena pamene pampu ya borehole imadalira magetsi, mtundu uwu umafuna thanki yosungira madzi yokwera kuposa sola, kuti isaume. Ikauma, tsekani valavu yolowetsa madzi, mudzaidzaze usiku kapena m'mamawa.

Vuto lachiwiri la machubu ndi madzi athu enieniwo. Lusaka inamangidwa pa mwala wa laimu ndi dolomite, ndipo madzi a pansi pa nthaka amatenga mcherewo. Ena mwa madzi a m'mipopi amachokera ku mtsinje wa Kafue, ena ku ma borehole, ndipo ku Chalala nyumba zambiri zimamwa a borehole zawozawo. Suzumirani m'ketulo yanu. Ngati pansi pali chikhakha choyera chimene chimatuluka ngati tizipande, chomwecho chidzadzaza m'machubu. Chikhakhachi chimakula msanga madzi akapitirira madigiri 60, ndipo sola imapitirira pamenepo pafupifupi tsiku lililonse la chilimwe. Ndinazulapo chubu pa nyumba ina ya borehole, pansi pake patadzaza miyala yoyera kutalika kwa chikhato, mwininyumba akudabwa kuti n'chifukwa chiyani madzi saotchanso ngati kale. Machubu otere amatsukika, koma ndi ntchito ya chaka ndi chaka, ndipo pozula ena amasweka.

N'chifukwa chake kwa inu ndingasankhe ya high pressure ya heat pipe. Imaoneka chimodzimodzi ndi inayo, koma m'chubu chilichonse muli kandodo ka kopa kotengera kutentha ku thanki, madzi salowa m'galasi. Chubu chikasweka palibe chodontha, ena amapitiriza ntchito. Imalandira mphamvu ya madzi a mumpopi, ndiye shawa imatuluka monga munazolowera, ndipo mutu wosunga madzi uja umagwira bwino. Pa low pressure mphamvu imangochokera pa kutalika kwa denga, madzi otentha amatuluka mofooka pamene ozizira akuthamanga, ndipo kusakaniza pa shawa kumasanduka ndewu ya m'mawa uliwonse. Ya high pressure ndi yodula, sindikubisirani. Palinso ya flat plate, yooneka ngati windo lakuda, yolimba ndithu ndipo siopa mwala wa mwana wa aneba. Ngati mwasankha imeneyo pa madzi a laimu, funsani ya indirect, imene m'timapaipi take mumayenda madzi akeake osakhudzana ndi osamba, chifukwa timapaipito n'tating'ono ndipo timatsekeka.

Pali njira ina imene anthu ambiri saidziwa, ndipo ingakukomereni ngati giza yanu ikadali yolimba. Mumaika mapanelo a magetsi a sola, anayi a 550 W mwachitsanzo, n'kuwalumikiza ku giza yomwe ili m'siling'iyo kudzera pa kabokosi kake kolamulira. Tsiku la dzuwa labwino amapereka mayunitsi 8 kapena 9. Padenga sipakwera madzi, ndiye za machubu, za kulemera ndi za laimu padenga palibe. Safunanso mabatire, chifukwa madzi otenthawo ndiwo akusunga mphamvu. Chenjezo n'lakuti magetsi a mapanelo asalumikizidwe mwachindunji ku thermostat wamba. Magetsi amenewo ndi a DC, osiyana ndi a ZESCO, amathetheka moto thermostat ikamadula, ndipo moto wa m'siling'i umadziwika mochedwa. Malire ake ndi thanki yanu ya 150, yomwe kwa anthu asanu ndi mmodzi ifuna kuti ZESCO izithandizako m'bandakucha. Ndipo ngati muli ndi inverter ya mababu ndi TV, giza musaiyike pa mabatire ake. Kutenthetsa thanki kamodzi kumatha batire yonse ya 5 kWh n'kutsalabe ngongole.

Za gasi, aneba anu sakunama kuti ndi yokoma: mwatsegula mpopi, moto wayaka, madzi otentha atuluka, kaya magetsi alipo kaya palibe, ndipo palibe thanki yotaya kutentha. Koma kukoma si kutchipa. Kilogalamu imodzi ya gasi, mukachotsa kutentha kothawira m'chumuni, imapereka zofanana ndi mayunitsi pafupifupi 11. Silinda ya 9 kg ndiye kuti ndi mayunitsi 100. Pa kasambidwe ka banja lanu ka panopa singathe milungu iwiri. Funsani mtengo wodzazitsa 9 kg, muyerekeze ndi mtengo wa mayunitsi 100 a gawo lokwera pa lisiti yanu, yankho muliona nokha. Gasi ndimailangiza kwa anthu awiri kapena atatu, kwa ochita lendi amene angadzainyamule posamuka, kapenanso ngati yothandizira sola m'malo mwa elementi. Ndipo iikidwe kunja kwa bafa, kapena ikhale ndi chumuni chotulukira kunja. Ikayaka m'bafa lotseka imatulutsa mpweya wa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya malasha m'nyumba. Sununkha, munthu amangomva mutu ndi chizungulire n'kugwa. Imafunanso madzi amphamvu kuti iyake, ndiye pamene madzi amangodontha imazimazima.

Heat pump ndi makina abwino. Imagwira ntchito ngati firiji yotembenuza, kutenga kutentha kwa mumpweya n'kukuika m'madzi, ndipo pa yuniti imodzi ya magetsi imapereka kutentha kwa mayunitsi atatu, pena kuposa kukatentha. Mayunitsi 9 anu angatsike kufika pa 3, mvula kaya dzuwa. Koma ndi yodula, imafuna munthu wodziwa za mafiriji ikawonongeka, laimu amaitsekanso, ndipo koposa zonse imafuna magetsi. Tonse tikukumbukira 2024, chilala chitaphwetsa Kariba, boma litalengeza mu Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko, ndipo pofika Seputembala nyumba zambiri zikuona magetsi maola atatu okha patsiku. Tinaonanso zofanana, zocheperako, mu 2015 ndi 2019. Magetsi athu ambiri ndi a madzi, a ku Kariba ndi Kafue Gorge, ndiye mvula ikadzavutanso zidzabwereranso. Heat pump ndi ya nyumba imene ili kale ndi sola ya magetsi yamphamvu, kapena malo ogona alendo. Kwa inu siyoyambira.

Tishawa tamagetsi totenthetsa pompopompo, tija timamangidwa pamutu pa shawa, sindititchula ngati njira yosungira. Timadya yuniti yofanana pa lita, timakoka magetsi ambiri nthawi imodzi, ndipo ndi mawaya a m'nyumba zambiri opanda earth yodalirika, waya woteteza munthu ku magetsi, ine mwana wanga sindingamuimike pansi pake. Chimodzimodzi elementi yoviika m'ndowa. Pamene pali ana aang'ono isapezeke.

Kodi ndalama idzabwerera liti? Tengani chiwerengero cha pa mita chija. Tinene kuti mwapeza mayunitsi 10 patsiku. Sola yoyezedwa bwino, elementi yake ili pa timer, ingachotse magawo awiri mwa atatu pa chaka chonse, ndiye mayunitsi pafupifupi 200 pamwezi. Chulukitsani ndi mtengo wa yuniti ya gawo lokwera, mupeza ndalama yosungidwa pamwezi. Gawani mtengo wonse wa sola, kuphatikiza woika, mapaipi ndi mavalavu, ndi ndalama imeneyo, mupeza miyezi yake. Ikatuluka zaka zitatu kapena zinayi, gulani osayang'ana kumbuyo. Ikatuluka zaka khumi, monga zimakhalira kwa anthu awiri osambira m'ndowa, ndiye kuti chimene mukugula ndi madzi otentha pa nthawi ya load shedding, osati kutsika kwa ndalama. Chimenechonso n'chabwino, bola mudziwe chimene mukulipira. Ndingokuchenjezani kuti mukayamba ndi mutu wa shawa ndi zina zija, mubwererenso muyeze, chifukwa mwina mudzapeza kuti ya malita 200 ikukwanirani.

Pa kaikidwe musafune zotchipa. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya 300 pamodzi ndi zitsulo zake ikuyandikira makilogalamu 400 pamalo amodzi. Munthu akwere m'siling'i aone mitengo ya denga, makamaka ngati chiswe chinayamba chalowamo. Thanki ikhale pamwamba pa khoma, apo ayi muimangire nsanja yake pambali pa nyumba. Pakhale valavu yosakaniza madzi otentha ndi ozizira asanafike kubafa, yotchedwa tempering valve, yoikidwa pa madigiri 50 kapena kucheperapo. Mu Okutobala madzi a sola amafika pa 80 ndi 90, pena amawira, ndipo khungu la mwana limapsa m'kanthawi kochepa ngakhale pa 60. Muli ndi ana anayi, valavu imeneyi musalole kuti aichotse pa mtengo. Pa high pressure pakhale valavu yotulutsa mphamvu ikachuluka, paipi yake yolozera pansi pomwe sipadutsa anthu. Pa low pressure kapaipi kopumira kali pamwamba kasatsekedwe, ngakhale kakulavula madzi masana. Anthu amakatseka poganiza kuti kakudontha, thanki n'kuphulika msoko.

Posankha woika, funsani ngati kampani ili ndi laisensi ya ERB ya zipangizo za sola, ndipo wolumikiza magetsi akhale ndi pepala la ntchito yake. Pemphani mitengo kwa atatu, yolembedwa, yosonyeza malita, chiwerengero cha machubu, mtundu wa chitsulo cha mkati mwa thanki, ndi zaka za chitsimikizo cha thanki payokha. Funsani ngati machubu ndi mphira zake zosinthira zimapezeka mu Lusaka momwe muno. Amene akupatseni mtengo pafoni asanaone denga lanu, asanafunse kuti muli angati komanso madzi anu ndi a borehole kapena a kampani, musiyeni. Pemphani akulozereni nyumba imene anaika zaka ziwiri zapitazo, mukafunse eni ake za Julayi. Ndipo mugwirizane zoti azibwera kamodzi pachaka kudzaona anode, kandodo kamene kamadyeka m'malo mwa thanki, ndi kuchotsa laimu. Galasi mumatsuka nokha, chifukwa fumbi la Ogasiti ndi Seputembala limaphimba dzuwa.

Pali zinthu zina zimene simuyenera kudikira nazo mpaka ndalama ya sola ikwane. Mukamva kugwedeza kwa magetsi pogwira mpopi kapena shawa, ngakhale pang'ono, zimitsani giza pa DB nthawi yomweyo, aliyense asasambe mpaka amagetsi aone earth. Earth leakage, switch yoteteza ya pa DB, ikamagwa giza ikayaka, elementi yaboola, musamangoikweza. Mukaona banga lonyowa pa siling'i pansi pa giza, kapena madzi otentha akutuluka a dzimbiri, itanani pulambala mlungu womwewo, chifukwa thanki yatsala pang'ono kutha, ndipo zikatero njira ya mapanelo pa giza yakale ija yagwa, mupite pa heat pipe. Mpopi ukamalavula nthunzi kapena giza ikamalira ngati ikuwira, thermostat yakanirira, zimitsani ndipo musaiyatsenso mpaka isinthidwe.